Fayilo Imene a Walter Anati Inasowa

Martina anasiya unamwino wa m'boma atagwira zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, n'kutsegula kiliniki yakeyake ku Liwonde. Inali nyumba ya zipinda zinayi kuseri kwa depoti ya maminibasi. Analemba anamwino awiri ndi dokotala wobwera katatu pa sabata. Ku labu kunali mlongo wake Feston, bambo wa ana awiri, amene Martina anamulera yekha makolo awo atamwalira kwawo ku Ngokwe. Feston ankakonda kung'ung'uza nyimbo za kwaya akamayeza magazi, moti odwala ena ankafunsa ngati kuimbako kuli m'gulu la zoyezazo.

Odwala ambiri anali a makhadi: aphunzitsi, ogwira ntchito ku njanji, makalaliki. Munthu ankangoonetsa khadi la inshuwalansi, n'kulandira thandizo, n'kumapita osatulutsa ndalama. Mwezi ukatha Martina ankasonkhanitsa mafomu onse n'kukapereka ku ofesi ya kampani ya inshuwalansiyo ku Balaka. Pangano limene anasainirana linkati kampani izilipira pasanathe masiku makumi atatu. Zaka ziwiri zinayenda bwinobwino. Kenako ku ofesi kuja kunabwera mkulu watsopano woona za malipiro a zipatala, a Walter.

Mwezi woyamba ndalama sizinabwere. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu Martina anakwera minibasi kupita ku Balaka. Anadikira pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo atalowa anapeza munthu wonenepa bwino, wa wotchi yagolide, akudya chipisi pa desiki.

"Mayi, mafomu anu ndawaona," anatero a Walter akupukuta zala. "Koma mukudziwa, mafayilo ndi ambiri. Ena amayenda msanga, ena amatopa panjira."

"Anga atopa chifukwa chani, bambo?"

"Sanadye." A Walter anaseka okha. "Anzanu amamvetsa. Teni peresenti basi, pa nambala imene ndingakupatseni. Mawa lake zonse zimatheka."

Martina anapukusa mutu. "Ndalama zimenezo ndi za mankhwala amene anthu anamwa kale. Iyayi, sindingapereke."

"Ndiye dikirani ndondomeko, mayi. Ndondomeko ndiyaitali."

Inatalikadi. Mwezi wachisanu sitolo yaikulu ya mankhwala ya ku Blantyre inasiya kumupatsa katundu pangongole. Dokotala uja anasiya kubwera. Namwino mmodzi anapeza ntchito ku Zomba. Martina anagulitsa galimoto yake kuti alipire lendi ndi magetsi, koma odwala a makhadi sanawabweze, poti ambiri anali anthu owadziwa, ndipo ndalama zinali kudulidwa pa malipiro awo mwezi ndi mwezi. Akaimba foni ku likulu la kampaniyo ankamuuza kuti nkhani za zipatala za ku Machinga ndi Balaka zimathera kwa a Walter.

Feston anagwira miyezi inayi osalandira kalikonse. Tsiku lina masana anabwera mu ofesi ya mlongo wake atavula kale gauni yoyera.

"Achemwali, ana awabweza kusukulu. Eni nyumba akubwera tsiku ndi tsiku. Mnzanga wina ali ku Joni akuti kuli ntchito pa famase. Ndipite chaka chimodzi chokha."

"Dikira mwezi uno. Alipira."

"Munatero mwezi watha, achemwali. Kapena mungowapatsa teni peresentiyo?"

Martina anapsa mtima. Anamuuza kuti sanamuphunzitse sukulu kuti azidyetsa mbava. Feston anapachika gauniyo pa msomali, ndipo Lachisanu lotsatira ananyamuka. Basi imene anakwera inagubuduzika ku Mozambique isanafike n'komwe ku Tete. Thupi lake linabwera patatha masiku asanu ndi limodzi, m'bokosi limene anawauza kuti asatsegule.

Anakamuika ku Ngokwe pafupi ndi makolo awo. Martina sanalire mokweza pa maliropo, moti amayi ena ankanong'onezana. Atabwerera ku Liwonde anapeza kalata pansi pa chitseko cha kiliniki. Inali yochokera ku Balaka, yosainidwa ndi a Walter, ndipo inkati fayilo ya mafomu ake a miyezi isanu ndi inayi yasowa, choncho ayambirenso kulemba onse ndi kupeza odwala onse kuti asainenso. Anaiwerenga kawiri ataima pakhonde. Kenako anaipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama. Kuyambira tsiku limenelo, akadzuka m'mawa chinthu choyamba kubwera m'mutu mwake chinali nkhope ya a Walter.

Anafufuza n'kumva kuti boma lili ndi ofesi yoyang'anira makampani a inshuwalansi, yomwe imalandiranso madandaulo a zipatala zosalipidwa pa nthawi yake. Analemba kalata. Patapita milungu itatu analembanso ina, n'kuikamo makope a mafomu onse, chifukwa Martina sankatumiza pepala lililonse osasunga linzake. Mlungu wachisanu kunabwera mayi wina wamng'ono thupi, wovala mpango wobiriwira kumutu, atanyamula kompyuta m'chikwama. Anati dzina lake ndi Zulfa, ndipo ndi mmodzi wa oyendera makampani kuchokera ku ofesi ija.

Zulfa anakhala tsiku lonse akufananiza mafomu ndi mabuku a odwala. Pomaliza anavula magalasi.

"Mayi, nkhani yanu ndi yomveka. Kampani yaphwanya pangano, ndipo tiilamula kuti ikulipireni."

"Nanga a Walter?"

"Za teni peresentizo muli ndi umboni?"

"Anandiuza ndi pakamwa pawo."

"Adzakana. Adzati mafayilo amasowa m'maofesi onse. Kampani idzawadzudzula pang'ono, mwina kuwasamutsira kwina."

Martina anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Ine ndalama zokha sizindikwanira. Munthu ameneyo ndikufuna ndimuone akutuluka mu ofesi ija manja ali kumbuyo."

"Ndamva za mlongo wanu, pepani kwambiri," anatero Zulfa modekha. "Koma ndikuuzeni zoona. Ntchito yanga n'kuonetsetsa kuti zipatala zikulipidwa pa nthawi yake. Kubwezera si ntchito yanga. Umboni ukapezeka ndiulandira, ukapanda kupezeka sindingaupange."

"Inu gwirani yanu," anatero Martina. "Yanga ndigwira ndekha."

M'mawa mwake anatseka kiliniki n'kukwera galimoto ya ku Nsanama. Kumeneko kunali a Swaibu, bambo wachikulire amene anali ndi kachipatala pafupi ndi msika wa zokolola. Ankadziwana kuyambira kale ali m'boma, ndipo a Swaibu anabwera ku maliro a Feston. Chipatala chawo chinali ndi mankhwala odzaza mashelefu, ndipo Martina ankadziwa chifukwa chake.

Anadikira kuti abwere kuchokera ku mzikiti. Atapatsana moni, Martina sanazungulire.

"Bambo, mumawapatsa bwanji a Walter? Pamanja kapena pafoni?"

A Swaibu anayang'ana kukhomo ngati kuli wina akumvetsera. "Mayi Martina, mwabwera ndi nkhondo."

"Ndabwera nayodi."

"Pafoni. Mwezi uliwonse. Ndili ndi antchito asanu ndi awiri, ndikanatani? Koma ndikavomera pamaso pa boma kuti ndinkapereka, nanenso ndine wolakwa. Laisensi yanga ipita."

"Mauthenga ake munafufuta?"

A Swaibu anagwira thumba la mkanjo wawo, ndipo Martina anadziwa kuti sanafufute.

"Munanyamula nawo bokosi lija ku Ngokwe," anatero. "Munaona kupepuka kwake. Munthu wamtali ngati Feston, bokosi lake kupepuka chonchija. Ine sindikudziwa n'komwe chimene tinakwirira. Ndalama zanu za mwezi ndi mwezi n'zimene zinawapatsa a Walter mphamvu yondikhaulitsa ine. Inu mukanakana, ena akanakana, sakanatha kutiumiriza tonse."

Mawuwo anali owawa ndipo Martina anawasankha dala. Anaona maso a bambowo akufiira, koma sanabweze ngakhale limodzi. Anawauzanso kuti akakana, iye akauzabe Zulfa kuti afunse chifukwa chimene chipatala cha ku Nsanama chimalipidwira m'masiku awiri pamene cha ku Liwonde chadikira miyezi isanu ndi inayi.

A Swaibu anapukusa mutu. "Simunali chonchi inu."

"Sindinali chonchi."

Anatulutsa foni yawo yakale m'thumba la mkanjo n'kuiika pa tebulo. "Mulungu ndiye akudziwa. Auzeni mayi a bomawo abwere, ndilankhula nawo ndekha."

Mlungu umenewo Martina anayenda ngati wamisala. Anafika kwa eni zipatala ena anayi, awiri ku Machinga, awiri ku Balaka. Mmodzi anamuthamangitsa. Atatu anavomera atamva kuti a Swaibu avomera. Zulfa anawalemba mawu mmodzimmodzi, ndipo mauthenga onse a ndalama ankapita ku nambala imodzi. Vuto linali lakuti nambalayo sinali m'dzina la a Walter. Inalembetsedwa m'dzina la munthu wina wa ku Ntcheu amene palibe ankamudziwa.

"Zikuthandiza, koma sizinakwane," anatero Zulfa. "Adzati wina ankagwiritsa ntchito dzina lawo."

Nkhani siibisika pakati pa Liwonde ndi Balaka. Lolemba lotsatira, cha m'ma teni koloko, galimoto yoyera inaima pakhomo pa kiliniki ndipo munatuluka a Walter. Analowa akumwetulira, atanyamula jumbo ya shuga ndi mafuta ophikira.

"Mayi, ndangomva kumene za zovuta zija. Pepani, pepani kwambiri. Ndinati ndidzapepese maliro."

Martina anamva magazi akuthamangira kumutu. Pa tebulo panali sizasi ya mabandeji, ndipo anaikankhira kutali ndi dzanja lake. Anaweramitsa mutu n'kulandira jumboyo ndi manja awiri.

"Zikomo bambo. Mwachita bwino kubwera."

"Nkhani zazing'onozi sizifunika boma, mayi. Ife ndi inu ndife amodzi. Mukalemba kalata yoti mwachotsa dandaulo lanu, ine ndikonza zonse."

"Mukonza bwanji, poti fayilo inasowa?" Martina analankhula motsitsa, ngati munthu wotopa. "Odwala ena anasamuka, awiri anamwalira. Sindingawapeze onse kuti asainenso."

"Zimenezo zisiyeni kwa ine. Simulembanso fomu ngakhale imodzi."

"Ine ndatopa, bambo. Ndalama zikangolowa, kalatayo ndilemba. Koma ziyambe zalowa, chifukwa ndapsa kokwanira."

A Walter anatuluka akuyenda mopepuka. Galimoto itangokhota, Martina anatenga jumbo ija n'kukaitaya m'dzenje la zinyalala kuseri, kenako anasamba m'manja ndi sopo wa m'chipinda chobayira jakisoni.

Lachitatu masana foni yake inalira. Unali uthenga wa ku banki: mamiliyoni khumi ndi anayi alowa, ndalama zonse za miyezi isanu ndi inayi. Martina sanagule ngakhale panado. Anapita ku banki, anatenga pepala losonyeza tsiku ndi ola limene ndalamazo zinalowa, analiphatikiza ndi kalata ija yoti fayilo inasowa, n'kuimbira Zulfa.

"Fayilo yosowa yalipidwa m'masiku awiri, ine osalembanso kanthu," anatero. "Kafunseni kuti alipira poona chani."

Zulfa anafika ku ofesi ya ku Balaka m'mawa mwake osawadziwitsa, ali ndi anzake awiri ndi kalata yowaloleza kuona mabuku. Fayilo ya Martina anaipeza pa desiki pa a Walter, mafomu onse ali momwemo ndi zidindo za masiku amene analandiridwa. M'kabati yokiya munali mafayilo ena asanu ndi awiri a zipatala zimene zinakana kupereka. M'dirowa, pansi pa manyuzipepala, munali kafoni kakang'ono. Zulfa anaimba nambala ija ya ku Ntcheu, ndipo kafoniko kanalira.

Patatha milungu iwiri ofesi ya boma inaitanitsa msonkhano mu holo ina ku Balaka. Kunabwera akuluakulu awiri a kampaniyo kuchokera ku Blantyre, eni zipatala oposa khumi, ndi apolisi awiri amene anakhala kumbuyo. A Walter anakhala pa mpando wapambali, opanda wotchi ija. Zulfa anawerenga zimene anapeza, tsiku ndi tsiku, chipatala ndi chipatala. Mmodzi wa akuluakulu aja anaimirira n'kunena kuti likulu silinkadziwa kanthu.

"Mayi awa anakuimbirani foni kakhumi ndi kamodzi," anayankha Zulfa akuloza Martina. "Zili m'mabuku anu omwe. Kusafuna kudziwa nakonso n'kulakwa."

Analengeza kuti kampani ilipire zipatala zonse pasanathe masiku khumi ndi anayi, ndi chiwongoladzanja cha nthawi yonse imene inachedwetsa, ilipirenso chindapusa, ndipo kwa chaka chathunthu izitumiza ku ofesi yawo mndandanda wa mwezi uliwonse wosonyeza tsiku limene fomu yalandiridwa ndi tsiku limene yalipidwa. Eni zipatala amene anadziulula okha, monga a Swaibu, anawachenjeza ndi kuwalemba ngati mboni. Za ziphuphu anati zili m'manja mwa apolisi.

Kenako anafunsa ngati pali wodandaula amene akufuna kulankhula. Martina anaimirira. Sanayang'ane akuluakulu aja. Anayenda mpaka pamene panakhala a Walter.

"Mayi, tinagwirizana," ananong'ona a Walter.

"Iwe," anatero Martina mokweza, ndipo holo yonse inati zii, pakuti palibe anayembekezera kuti munthu wamkulu chonchija angatchulidwe choncho pagulu. "Iwe Walter, dzuka undiyang'ane. Mlongo wanga dzina lake anali Feston. Ankayeza magazi a anthu amene kampani yako inkawadula ndalama. Anagwira miyezi inayi osalandira chifukwa cha iwe. Wasiya mkazi ndi ana awiri. Unabwera ndi shuga kudzagula pakamwa panga. Ndinakunamiza, ndipo ndikanakunamizanso kakhumi."

A Walter sanadzuke. Apolisi ndi amene anawadzutsa. Martina anawatsatira mpaka panja, n'kuima padzuwa kuonerera akuwakweza kumbuyo kwa galimoto, anthu a pamsewu ndi a njinga za kabaza ataunjikana. Sanachoke mpaka galimotoyo itabisika.

A Swaibu anamupeza ali pomwepo. "Mtima watsika tsopano?"

"Iyayi," anatero Martina. "Wangoyamba kupuma."

Kiliniki inayambanso kuyenda. Mankhwala anabwera, dokotala anabwerera, ndipo ana a Feston anabwerera kusukulu. Ku labu Martina analemba mayi wina wochokera ku Zomba, wodziwa ntchito, wosalankhulalankhula.

Kutatsala mlungu umodzi kuti mlandu ulowe m'khothi, kunabwera mayi wina amene anakana kulembetsa ngati wodwala. Anadikira mpaka mzere utatha, n'kulowa mu ofesi, n'kugwada pansi pa simenti.

"Ndine Emmie, mkazi wa a Walter."

Martina anaika cholembera pansi.

"Mayi, sindinabwere kudzakana mlandu. Analakwa. Ntchito yatha, nyumba ya kampani atitulutsa, galimoto alanda. Tili ndi ana atatu, wamng'ono akuyamwa. Loya akuti inu mukapanda kukaikira umboni, mwina chilango chichepa. Ndinu mayi ngati ine. Ndagwira mwendo wanu."

Emmie analiradi, misozi yeniyeni, ndipo nsapato zake zinali zafumbi ngati wayenda pansi kuchokera ku depoti. Martina anamuyang'ana ndipo anamva chisoni chikufuna kumulowa. Anachikaniza.

"Dzukani, khalani pampando. Wodi ya amayi ndagwirako zaka zambiri, sindikondwa kuona mayi woyamwitsa atagwada pa simenti." Anadikira kuti akhale. "Ndikufunseni. Pamene galimoto ija inkabwera pakhomo panu, munafunsa kuti yachokera kuti?"

Emmie anayang'ana pansi.

"Mwana wanu akadwala mubwere naye kuno, ndidzamuthandiza ulere, chifukwa iye sanandilakwire. Koma umboni wotsutsa amuna anu ndikapereka. Ndikanena zonse, ndipo woweruza akandifunsa ngati ndawakhululukira ndidzati iyayi. Inu mudzatha kukawaona kundende Lamlungu lililonse, kuwatengera chakudya, kumva mawu awo. Mlamu wanga, mkazi wa Feston, alibe koti apite."

Emmie anatuluka osatsanzika. Namwino amene anamva zonse ali pakhomo anayang'ana Martina, kenako anatenga thireyi ya majakisoni n'kupita.

Tsiku la mlandu Martina anavala diresi yake yakuda ya ku maliro, anadutsa kunyumba kwa mkazi wa Feston kukamutenga, ndipo anakwera minibasi yoyamba ya ku Balaka. Anafika khothi lisanatsegulidwe. Zulfa anawapeza atakhala pakhonde.

"Mwalawira," anatero Zulfa. "Mwina mlanduwu utenga miyezi. Aziusuntha masiku, muzibwera n'kubwerera osamva kanthu."

"Kudikira anandiphunzitsa Walter yemweyo," anatero Martina.

Zitseko zitatsegulidwa anagwira mlamu wake padzanja, n'kukakhala naye pa benchi yakutsogolo kwenikweni, moyang'anizana ndi kabokosi koimamo oimbidwa mlandu. Patapita kanthawi anawalowetsa a Walter, atawonda, malaya akulendewera m'mapewa. Anayang'ana uku ndi uku kufunafuna mkazi wawo, koma maso awo anayamba agwera pa amayi awiri ovala zakuda aja. Martina sanaphethire. Kalaliki anaitana dzina la mboni yoyamba, ndipo iye anaimirira.